MLENDO NDI MAME: KODI N'KOYENERA KUMPHUNZITSA?

Akristu anzanga okondedwa, makamaka inu aphunzitsi a katekisimu amene musenza mau a Mulungu kumka nawo m'midzi, tiyeni lero tikhale pansi tiweruze mlandu umodzi umene uoneka waung'ono, koma ufika mpaka m'kati mwa mtima wa mkristu aliyense. Mlandu wake ndi uwu: kodi n'koyenera kumwaza nthawi ndi chuma pophunzitsa mlendo wothawa kwao? Kumpatsa ufa, bulangeti ndi pogona, tonse tibvomereza kuti ndi nchito ya chifundo, ndipo palibe wotsutsa. Koma kumkhazika pa benchi ndi kumphunzitsa za chikhulupiriro, zilankhulo ndi kompyuta, ambiri a ife tikamva zimenezi tipukusa mutu, nitinena chamumtima kuti chifundo chapyola muyeso. Maganizo amenewa sitiyenera kuwabisa kapena kuwanyoza ai. Tiwatulutse poyera, tiwayese ndi nzeru ndi Mthenga Wabwino.

Kumene mlanduwu uli

Kuti tisangolankhula za m'malere, tiyang'ane pakhomo pathu pomwe. M'boma la Dowa, makilomita opitirira pang'ono 40 kuchokera ku Lilongwe, muli malo otchedwa Dzaleka. Pa nthawi ya chipani chimodzi malowa adali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo akuluakulu akali kukumbuka mantha amene dzinali linkadzetsa. M'chaka cha 1994 Boma, pamodzi ndi bungwe la UNHCR loyang'anira othawa kwao, lidasandutsa malowo msasa wa alendo, pakuti masiku amenewo mwazi udali kukhetsedwa ku Rwanda ndi ku Burundi. Pambuyo pake kudafika khamu lalikulu lochokera ku Congo, ndi ena a ku Somalia ndi ku Ethiopia. Msasawo adaukonzera anthu 10,000 kapena 12,000, koma pofika chaka cha 2023 okhalamo adali atapitirira 50,000.

M'kati mwa kuthithikana kumeneko mudaphuka sukulu za mitundumitundu. Bungwe la Jesuit Refugee Service, limene Bambo Pedro Arrupe, mkulu wa chipani cha Ajezwiti, adayambitsa m'chaka cha 1980 ataona masautso a anthu a ku Vietnam othawa m'mabwato, lidatenga udindo wosamala sukulu za ana pamsasapo. M'chaka cha 2010 Ajezwiti omwewo adatsegula maphunziro apamwamba odzera pa intaneti, kotero kuti mnyamata wokhala m'kanyumba ka zidina ku Dowa adatha kulandira dipuloma ya Regis University ya ku Denver, ku America. Nchito imeneyo idatchedwa pambuyo pake Jesuit Worldwide Learning. Alendowo nawonso sadangopinda manja. Innocent Magambi, amene adabadwa makolo ake ali othawa kale, adayambitsa bungwe la There Is Hope m'chaka cha 2006, lophunzitsa nchito za manja monga ukalipentala ndi utelala. Mnyamata wina wa ku Burundi adatsegula kasukulu ka kompyuta kotchedwa TakenoLAB. M'matchalitchi ndi m'tinyumba tambiri anthu aphunzitsana Chingerezi, Chifalansa, Chichewa ndi mau a Mulungu. Tsono mukuona kuti funso lathu likhudza anthu amoyo, okhala pakati pathu.

Mame amene sakamuka

Woyamba kutsutsa anena kuti: "Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nanga tibzalirenji mtengo pa munda wobwereka? Mawa munthuyo achoka, ndipo thukuta lathu lichoka naye."

Mwambiwo ngwoona, koma tiumve bwino. Makolo adaunena kuti tipirire naye mlendo ndi kumsamala msanga, popeza nthawi yomchitira zabwino njochepa. Kuutembenuza kuti ukhale chifukwa choumira manja ndiko kunamizira akufa. Kuwonjezera apo, mame a ku Dzaleka akhala zaka zopitirira 30 osakamuka. Mwana amene adabadwira pamsasapo m'chaka cha 1995, lero ndi bambo kapena mai wa ana ake. Akadati adikire kuti adzaphunzire atabwerera kwao, bwenzi ubwana wake ndi unyamata wake wonse zitatha iye ali mbuli. Zaka za munthu siziima kudikira kuti nkhondo ithe.

Malembo Oyera atiphunzitsa zomwezo. Pamene Ayuda adatengedwa ukapolo kumka ku Babiloni, aneneri onama adawalonjeza kuti abwerera posachedwa. Koma mneneri Yeremia adawalembera kalata yowauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatitse ana ao, ndi kufunira zabwino mzinda umene adali kukhalamo, pakuti ukapolowo udzatenga zaka 70. Mulungu sadafune kuti anthu ake afote ndi kudikira.

Nanga mlendo akachokadi, thukuta lija latayika kodi? Iai, langosamuka. Kumbukirani abale athu a ku Mozambique, oposa 1,000,000, amene adathawira kuno pa nkhondo ya kwao, nadzaza maboma a Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, iwo adabwerera. Ufa umene adalandira udatha kalekale, mabulangeti adang'ambika. Koma mwana amene adaphunzira kuwerenga ali kuno adaoloka malire ndi chuma chake m'mutu, ndipo panalibe msilikali woti n'kumlanda pa chipata. Mwa zonse zimene tingapatse munthu wa paulendo, nzeru ndiyo katundu wosalemera ndi wosabedwa.

Mimba ndi mutu

Wachiwiri anena kuti: "Wanjala samva belu la sukulu. Ndipo munthu aphunzirirenji nchito imene saloledwa kuigwira?"

Mau amenewa ngolemera, pakuti aima pa zoona. M'chaka cha 2023 bungwe la WFP lidachepetsa thandizo la chakudya pamsasapo kufikira theka, chifukwa cha kusowa ndalama. Ndiponso dziko lathu, polowa m'pangano la maiko la 1951 lonena za othawa kwao, m'chaka cha 1987, lidasungako ufulu woika malire pa kayendedwe kao ndi pa nchito zao. Ndipo m'chaka cha 2023 ambiri amene adali kuchita malonda m'mizinda adagwidwa nabwezedwa ku Dzaleka.

Tibvomere tsono kuti chakudya chiyenera kutsogola. Palibe mkristu wanzeru amene angatambasulire buku munthu wokomoka ndi njala. Koma tikamdyetsa chabe, chaka ndi chaka, osamfunsa chimene adziwa kapena chimene alakalaka kudziwa, ndiye kuti tamsunga monga tisungira mbuzi m'khola. Katekisimu imene inu aphunzitsi muphunzitsa ana inena kuti munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, wokhala ndi nzeru ndi ufulu. Nzeru imeneyo imamva njala yakeyake, ndipo ikamanidwa chakudya, munthu adwala nthenda imene sing'anga sangaipeze: dzuwa lituluka, lilowa, iye osadziwa chimene wadzukira. M'nthenda yotere ndimo mubadwira kuledzera, ndeu, maukwati a ana aang'ono ndi kutaya mtima. Munthu amene ali ndi phunziro loti akaliyankhe mawa m'mawa, ali ndi chifukwa chodzukira.

Kunena za malamulo, tiyenera kuwalemekeza. Koma malamulo apangidwa ndi anthu, ndipo anthu omwewo angathe kuwakonza. Mkristu, monga mbadwa ya dziko, salakwa akafunsa mwaulemu ngati n'kwanzeru kutsekera m'msasa mphunzitsi, namwino kapena mmisiri, pamene midzi yathu isowa anthu otere. Ndipo ngakhale chipata chikali chotseka, ophunzira aja sakhala chabe: ena aphunzitsa ana, ena amasulira mau pa chipatala, ena adapeza mwai wokapitiriza maphunziro ku Canada. Mlimi akonzeratu khasu mvula isanagwe.

Nanga ana athu?

Wachitatu ndiye andibaya mtima koposa, chifukwa alankhula ndi misozi. Iye anena kuti: "Mwana wanga akhala pansi pa mtengo, buku limodzi ana asanu; kompyuta sadaikhudzepo chibadwire. Bwanji mlendo adye pa mbale pamene mwini nyumba anyambita chala?"

Mbale wanga, dandaulo lanu ndi lolungama, ndipo amene alipeputsa sadziwa umphawi. Koma ganizani bwino: umphawi wa mwana wa ku Dowa sudabwere ndi mwana wa ku Congo, ndipo sudzachoka pomtsekera iyeyo sukulu. Amphawi awiri akamakangana pa nyenyeswa, amene akondwa ndi mdierekezi yekha. Chilungamo chifuna kuti chitseko cha sukulu chitsegukire mbali zonse ziwiri. Zimenezi zidachitika kale: ana a m'midzi yozungulira adalandiridwa m'sukulu za pa Dzaleka, ndipo pa maphunziro a nchito za manja aja, Amalawi ndi alendo adagwira sowo ndi makina osokera pamodzi. Opereka thandizo akaiwala eni mudzi, afesa nsanje, ndipo ayenera kudzudzulidwa. Koma ifenso tikakana kuti mlendo aphunzire kufikira athu onse ataphunzira, taiwala mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tisaganizenso kuti mlendo ndi wolandira chabe. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. M'buku la Nchito za Apostoli tiwerenga za Akwila ndi mkazi wake Prisila, amene adapirikitsidwa ku Roma pa lamulo la mfumu Klaudio, nathawira ku Korinto. Anthu othamangitsidwa amenewa ndiwo adasunga Paulo Woyera m'nyumba mwao, nasoka naye mahema. Ndipo pambuyo pake ku Efeso adalongosolera Apolo, mlaliki wodziwa kulankhula, njira ya Mulungu. Nafenso chikhulupiriro chathu chidadza ndi alendo: ansembe a Montfort ku Nzama m'chaka cha 1901, ndi Abambo Oyera ku Mua m'chaka cha 1902. Asanatiphunzitse kanthu, iwo adayamba akhala pa mphasa ngati ana, makolo athu nawaphunzitsa kutchula madzi, moto ndi dzina la Mulungu. Makolowo akadati, "Awa ndi mame, tisabvutike nawo," bwenzi lero inu ndi ine tiri kuti?

Mafuwa atatu

Tsopano tione chifukwa chake maphunziro atatu aja ayenera kuyendera pamodzi. Mai aliyense adziwa kuti mphika sukhazikika pa mafuwa awiri.

Fuwa loyamba ndi chilankhulo. Munthu wosadziwa chilankhulo cha kumene ali, ngakhale akhale wa imvi, asanduka khanda. Pa chipatala aloza ndi chala pamene pakuwawa. Pa msika amnyenga iye akumwetulira. Pa bwalo la milandu abvomera chimene sadamve. Mai afotokoza nthenda yake yachinsinsi kudzera mwa mwana wake wamng'ono, ndipo ulemu wa m'banja ugwa. Ife Amalawi tiyenera kuzimvetsa zimenezi kuposa ena, pakuti azigogo athu adapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, ena ku mafamu ndi ku migodi ya ku Rhodesia. M'migodimo adawaphunzitsa Fanakalo, chilankhulo chokwanira kumva lamulo la kapitao: nyamula, kumba, fulumira. Koma chilankhulo chodandaulira kapena chowerengera pangano la nchito sadapatsidwe. Ambiri ankapempha mnzao kuti awalembere kalata ya kumudzi, ndipo ena adangoti zii, nakhala machona. Apa ndipo pali muyeso wa sukulu ya chikristu: kodi tiphunzitsa mlendo kuti azingomvera, kapena kuti athe kudzilankhulira yekha? Ndipo nchitoyi si yobvuta monga tiganizira, pakuti ambiri a iwo ndi abale athu m'chilankhulo: chimene ife titi madzi, wa Chiswahili ati maji, wa ku Rwanda ndi wa ku Burundi ati amazi. Pomphunzitsa chathu, tisamchititse manyazi ndi chake. Pa tsiku la Pentekoste Mzimu Woyera sadafafanize zilankhulo za anthu, koma aliyense adamva m'chilankhulo cha kwao.

Fuwa lachiwiri ndi kompyuta. Ena ayesa kuti chimenechi ndi choseweretsa cha anthu olemera. Koma masiku ano kalata, nyuzipepala, fomu yofunsira sukulu ndi chithunzi cha mbale wotayika, zonse zidzera m'menemo. Ndipo wosadziwa kuigwiritsa nchito afanana ndi gogo uja wopempha kulemberedwa kalata. Kwa munthu amene saloledwa kutuluka m'msasa, intaneti ndiyo njira yokhayo yofikira kwa mphunzitsi wokhala tsidya la nyanja. Komabe mpeni umene usenda mbatata ndi womwewo ucheka chala. Pa lamya yomweyo padzera mabodza, zithunzi zonyansa, mau a chidani, ndi malonjezo a anthu ozembetsa anzao. Sitidaiwale manda aja amene adapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba m'mwezi wa October 2022, m'mene mudali mitembo pafupifupi 30 ya anthu oganiziridwa kuti adali a ku Ethiopia, a paulendo. Choncho wophunzitsa zala kutaipa aphunzitsenso mutu kusiyanitsa choona ndi chonama.

Fuwa lachitatu ndi chikhulupiriro, ndipo ndilo lichirikiza enawo. Wothawa nkhondo sataya munda ndi nyumba zokha. Kawirikawiri afika ali ndi funso loopsa mumtima: kodi Mulungu adali kuti tsiku lija? Ambiri a ku Congo, Rwanda ndi Burundi ndi Akatolika anzathu, obatizidwa ubatizo womwewo, ndipo ali ndi ufulu wolandira masakramenti ndi wophunzitsa ana ao katekisimu. Papa Pius XII, m'kalata yake Exsul Familia ya chaka cha 1952, adalamula kuti osamuka asamalidwe pa zauzimu ndi ansembe odziwa chilankhulo chao. Ndipo pa benchi la katekisimu pangakhale anthu awiri amene mitundu yao idaphana kwao. Mphunzitsi asawakakamize kugwirana chanza tsiku loyamba, pakuti bala lalikulu silipola ndi kulamula. Koma awayendetse pang'onopang'ono kufikira pa mtanda, pamene Ambuye Yezu adapempherera adani ao. Mneneri Danieli adaphunzira malembo ndi chilankhulo cha Akaldea zaka zitatu, koma chipembedzo cha makolo ake sadachitaye. Munthu wa mizu yotere angaphunzire zachilendo zonse osakokoloka.

Chikhulupiriro si nyambo

Pano pali chenjezo limene ndipempha aphunzitsi alisunge bwino. Pakati pa alendo pali Asilamu, pali a mipingo ina, pali ena osapemphera konse. Kungakhale kuchimwa kwakukulu kunena kwa munthu wosowa kuti, "Yamba walowa kalasi ya ubatizo, ndipo tikulemba pa kompyuta." Kumeneko ndiko kuwedza munthu ndi njala yake. Msonkhano Waukulu wa Vatican Wachiwiri udanenetsa m'chaka cha 1965 kuti munthu asakakamizidwe kapena kunyengereredwa ndi njira zosayenera kuti alowe m'chikhulupiriro. Wobatizidwa chifukwa cha thumba la ufa adzachoka ufawo ukatha, ndipo adzapita akunyoza dzina la Ambuye. Tsono kalasi ya chilankhulo ndi ya kompyuta ikhale ya aliyense, popanda kufunsa kumene apemphera. Ndipo kalasi ya chikhulupiriro ikhale yotsegula kwa amene afuna yekha. Tikawatumikira mopanda chinyengo, ntchito yathuyo idzalalika yokha.

Tichitenji tsono?

Ambiri a inu mukhala kutali ndi Dowa, ndipo mwina muti nkhaniyi njosakukhudzani. Koma parishi iri yonse iri ndi alendo ake: matenanti a m'minda ya fodya ochokera ku maboma ena, a ku Mozambique ooloka malire, mkamwini kapena mtengwa wosadziwa chilankhulo cha pamudzi. Iri nawonso anyamata ake amene akonzekera ulendo wa ku South Africa, kumene m'zaka za 2008 ndi 2015 abale athu adathamangitsidwa, nabwerera kuno pa mabasi ali manja okha. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Papa Francis, mu uthenga wake wa tsiku la osamuka ndi othawa kwao la chaka cha 2018, adatipatsa nchito zinai: kuwalandira, kuwateteza, kuwatukula ndi kuwalowetsa pakati pathu. Ziwiri zotsirizazo sizitheka popanda maphunziro. Choncho nyumba ya misonkhano ya parishi isakhale yokhoma kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Mphunzitsi wopuma nchito apereke madzulo awiri pa sabata. Mnyamata wodziwa kompyuta aphunzitse amene sadziwa, mlendo ndi mwini mudzi pa benchi limodzi. Mphunzitsi wa katekisimu aphunzire ngakhale moni yekha m'chilankhulo cha mlendo wake, ndipo amfunse chimene iye angatiphunzitse, kaya ndi nyimbo, kaya ndi luso la manja. Ndipo m'nyumba zathu tileke kuitana anthu ndi maina onyoza a mitundu yao, pakuti ana amva, nasunga.

Potsiriza tikumbuke Banja Loyera. Yozefe Woyera adadzuka usiku, natenga Mwana ndi Amai ake, nathawira ku Ejipito poopa lupanga la Herode. Mmisiri wa matabwa uja adayenera kupempha madzi, pogona ndi nchito m'dziko la eni ake, ndipo Mwana amene adali m'manja mwa Maria Virgo ndi yemweyo amene adzatiweruza. Iye adatiuziratu kuti chimene tichitira mlendo tichitira Iye mwini. Tsono mlendo akhale mame kapena asakhale mame, mlandu wathu watha motere: timdyetse chifukwa ali ndi thupi, timphunzitse chifukwa ali ndi nzeru ndi mzimu, ndipo tichite zimenezi lero, akali pakhomo pathu. Mulungu atipatse chaulere chake kuti titero.